KODI MTIMA WOLEMA UYENERA KUYIMBA?

Pali funso limene Akristu ambiri ali nalo m'mtima, koma acita manyazi kulichula pamaso pa mbusa kapena akulu a mpingo. Funsolo ndi ili: munthu amene wacezera usiku wonse wosaona tulo cifukwa ca ngongole ya feteleza, kapena cifukwa mwana wace ali gone m'cipatala, kapena cifukwa nkhokwe yatha mwezi wa January usanafike, akalowa m'nyumba ya Mulungu tsiku la Sabata, naimirira pamodzi ndi anzace kuyimba nyimbo ya ciyamiko, kodi sali kunama? Pakamwa pace panena za cimwemwe, mtima wace ulikukana. Ana athu tiwaphunzitsa kuti Mulungu sakondwera ndi bodza. Nanga bodza likakhala ndi maimbidwe okoma, lileka kodi kukhala bodza?

Funso limeneli si la anthu ofooka m'cikhulupiriro okha iai. Tonse tikumbukira nyengo ya mvula ya 2023 kufikira 2024, pamene mvula inadula pakati m'madera ambiri a dziko lathu, cimanga ncuuma cisanabereke, kufikira kuti boma linalengeza m'mwezi wa February, 2024, kuti ciralaco ndi tsoka la dziko lonse. Masabata amenewo mipingo sinaleke kusonkhana, ndipo nyimbo sizinaleke kumveka. Ena anayimba ndi mau onse, ena anangogwedeza milomo, ena anakhala cete maso ali pansi. Ndani wa iwo anacita coona?

Anthu amayankha m'njira ziwiri. Ena ati, Khala cete kufikira mtima wako utakondwanso, pakuti Mulungu ayang'ana mumtima. Ena ati, Yimba kolimba kuti uiwale, pakuti nkhawa ndiyo cizindikiro ca kusakhulupirira. Mayankho awiriwa ndiwakana onse, koma laciwirili ndilo ndiliopa koposa, cifukwa lamveka ngati la uzimu, ndipo lapweteka anthu ambiri.

Tiyambe ndi cimene aliyense acidziwa. Nyimbo ipeputsa thupi. Amai athu anadziwa zimenezi kalekale amisoni asanafike ku Magwero m'caka ca 1899. Pamtondo, mkazi amene mwamuna wace wamsautsa, kapena apongozi amnena, amaika dandaulo lace m'nyimbo, munsi ulikugunda, anzace alikuthira mang'ombe. Pofika pakupeta, mtima watsikako. Olima pa dima ayimba kuti khasu lisaleme. Woyenda yekha usiku ayimba mluzu. Pali cifukwa cace m'mapangidwe a thupi lathu. Munthu wa nkhawa apuma mofulumira ndi mosafika pansi, ndipo mtima wace uthamanga. Koma woyimba akakamizidwa kukoka mpweya wambiri ndi kuuturutsa pang'onopang'ono kufikira mzere wa nyimbo utatha, ndipo kupuma kotere kutontholetsa kugunda kwa mtima. Anthu ophunzira a ku Gothenburg, m'dziko la Sweden, anayesa zimenezi m'caka ca 2013, napeza kuti anthu oyimba pamodzi nyimbo imodzi mitima yao iyamba kufulumira ndi kucedwa pamodzi, cifukwa onse apuma nthawi imodzi. Tisapeputse mphatso imeneyi. Amene anaumba mapapo ndi mtima ndi Mulungu yemwe.

Koma mphatsoyi iri ndi malire, ndipo malire ace tiwaona bwino m'mbiri ya mfumu Sauli. Pamene mfumuyo inayamba kusautsidwa mumzimu, anyamata ace anaipangira kuti pafunike munthu wodziwa kuyimba zeze, ndipo anapeza Davide mwana wa Jese. Buku loyamba la Samueli, mutu 16, litiuza kuti mankhwalawo anagwiradi nchito: Davide akayimba, mfumu imapeza bwino. Alaliki ambiri alekezera pamenepo. Koma tiwerenge mitu 18 ndi 19. Akazi a Israyeli anayimba nyimbo yotama Davide koposa mfumu, ndipo nyimbo imeneyo inalowa mumtima wa Sauli ngati munga. Kuyambira pamenepo nsanje inamera. Tsiku lina, Davide alikuyimba zeze yemwe uja, maimbidwe omwe aja, mfumu inamponyera mkondo kuti imkhomere kukhoma. Ndipo inacitanso comweco tsiku lina. Zeze sanasinthe. Cimene cinali mwa Sauli, ndiko kusamvera kwace ndi mantha akuti ufumu umcokera, zeze sanathe kucifikira, pakuti Sauli amamvera nyimbo kuti apumule, koma sanatengere nkhawa yaceyo kwa Mulungu ngakhale kamodzi.

Apa ndipo pali ngozi ya yankho laciwiri lija. Nyimbo yoyimbira kuiwala isiyana pang'ono cabe ndi cikho ca kacasu. Womwa aiwala ngongole madzulo, m'mawa ngongole iri pakhomo, ndipo yakula. Ndinena ici mosamala, pakuti sindifuna kuyerekeza nyumba ya Mulungu ndi bwalo la mowa. Koma munthu angathe kuledzera ndi ng'oma ndi maseche maora atatu, naturuka thukuta, nabwerera kwace osanena mau amodzi oona kwa Mlengi wace, ndiponso osauza mbale mmodzi yemwe cimene cimdya. Wotere wapumula monga Sauli.

Tsono tibwere ku buku la nyimbo limene Mulungu mwini anapatsa anthu ace. Masalmo alipo 150. Mwa amenewa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndiwo madandaulo. Muli munthu wofunsa Mulungu cifukwa cace wamuiwala, muli wodwala amene abwenzi ace amthawa, muli wonamiziridwa pabwalo, muli wokalamba woopa kutayidwa, muli wocimwa amene mafupa ace alibe mtendere. Ambiri a masalmo amenewa atembenukira ku ciyembekezo pa mapeto pace, koma si onse. Salmo 88 liyamba ndi kulira, lipitirira ndi kulira, ndipo litsiriza ndi mdima, popanda mau amodzi a citonthozo. Komabe Mzimu Woyera sanalicotse m'Buku Lopatulika. Linaikidwamo kuti liyimbidwe ndi msonkhano wa anthu opembedza. Salmo 137 lisimba za Ayuda otengedwa ukapolo ku Babulo Yerusalemu atapasulidwa, zaka ngati 586 Kristu asanabadwe: owagwira anafuna kuti awasangalatse ndi nyimbo za kwao, iwo anakana, napacika azeze ao pamitengo. Ndipo taonani codabwitsa: kukana kwao kuyimba kunasanduka nyimbo, ndipo iri m'buku kufikira lero.

Ici citiphunzitsa kuti bodza lija tinaliopa poyamba silicokera m'kuyimba kweni kweni. Licokera m'kusankha kwathu nyimbo. Mpingo umene udziwa nyimbo za cikondwerero zokhazokha ukakamiza theka la anthu ace kunama kapena kukhala cete. Pa ici atsogoleri a makwaya ndi ife abusa tiri ndi mlandu woyankha. Masiku ano makwaya acuruka, ndipo nzabwino. Anyamata ndi atsikana apeza pokhala, zoyimbira za magetsi zafika ndi kumidzi komwe. Koma tamverani nyimbo zimene zipambana pa mipikisano: nzothamanga, nzobvinitsa, nzolonjeza kuti mawa zonse zikoma. Nyimbo ya munthu wolira tiisungira maliro okha, ngati kuti cisoni cifika pokhapokha bokosi liri pakhomo. Nanga mai uja amene mwamuna wace anapita ku Lusaka zaka zinai zapitazo osatumiza ngakhale kalata, nyimbo yace iri kuti? Nanga mnyamata wotsiriza sukulu amene alikungokhala pamudzi wopanda nchito? Buku la Miyambo, mutu 25, liyerekeza woyimbira nyimbo munthu wa mtima wowawa ndi wobvula mnzace cobvala tsiku la cisanu. Amene anagonapo wopanda bulangete mwezi wa June adziwa kukula kwa nkhanza imeneyo.

Koma funso lathu silinathe. Munthu wa nkhawa sasankha yekha nyimbo za tsiku la Sabata. Mtsogoleri akachula nyimbo ya ciyamiko, iye acitenji?

Tisiyanitse zinthu ziwiri zimene nyimbo inganene. Ina inena za ine: mtima wanga uli wotani lero. Ina inena za Mulungu: Iye ali wotani. Mboni ikaimirira pabwalo la mfumu kunena kuti malire a munda apita pa mtengo wakuti, umboni wace ukhala woona cingakhale mboniyo yadzuka ndi mutu, kapena yakangana ndi mkazi wace m'mawa. Kuona kwa umboni sikutsamira pa kukondwa kwa mboni, kutsamira pa malirewo. Cotero Mkristu woyimba kuti Mulungu ali wokhulupirika sanena kuti, Ndiri wokondwa. Acita umboni wa cinthu cimene ciri cilili ngakhale iye sacimva kukoma lero. Ndipo umboni wa munthu wosautsidwa ulemera koposa wa munthu wokhuta, monga pabwalo pomwe akhulupirira msanga mboni imene siipindulapo kanthu.

Ambuye wathu anacita cotero. Usiku uja anaperekedwa, atatha mgonero, Iye ndi ophunzira ace anayimba nyimbo asanaturuke kunka ku phiri la Azitona. Mateyu ndi Marko onse awiri acitira umboni. Monga mwa mwambo wa Ayuda, pa Paskha amayimba Masalmo 113 kufikira 118, ndiwo masalmo a ciyamiko ndi cipulumutso. Yesu anadziwa cimene cinali kumdikira. Anadziwa kuti Yudase wapita kale. Anayimbabe. Ndipo patapita kanthawi kocepa, m'munda wa Getsemane, anauza Petro, Yakobo ndi Yohane poyera kuti moyo wace uli ndi cisoni coopsa, nawapempha kuti acezere naye. Nyimbo siinacotse cisonico, ndipo cisonico sicinasandutse nyimboyo bodza. Zinakhala pamodzi mwa munthu mmodzi usiku umodzi. Tisamalenso ici: atatha kuyimba sanabise nkhawa yace. Anaiuza Atate, anaiuzanso abwenzi ace atatu. Apa ndipo asiyana ndi Sauli.

Momwemonso Paulo ndi Sila m'ndende ya ku Filipi. Anakwapulidwa ndi ndodo, mapazi ao anamangidwa m'zigologolo, ndipo pakati pa usiku analikupemphera ndi kuyimba, andende anzao alikumvetsera. Sanayimbe cifukwa mabala analeka kuwawa. Mabalawo anatsukidwa pambuyo pace ndi mdindo wa ndende. Sanayimbenso kuti agule cibvomezi, pakuti makomo atatseguka sanathawe. Ndipo kutaca, oweruza atatumiza mau akuti awamasule mwakacetecete, Paulo anakana, nati adze okha amene anakwapula Aroma osawazenga mlandu. Ndikonda kucula mbali imeneyi cifukwa pali anthu oganiza kuti nyimbo za Akristu ziphunzitsa munthu kugonjera cosalungama ciri conse. Munthu yemwe anayimba pakati pa usiku ndiye anaitanitsa cilungamo m'mawa.

M'mbiri ya Eklesia muli mbusa wina wa ku Germany, Martin Rinkart, amene anatumikira m'mudzi wa Eilenburg nthawi ya nkhondo ya zaka 30, imene inayamba 1618 ndi kutha 1648. Othawa nkhondo anadzaza mudziwo, ndipo m'caka ca 1637 munagwa mliri. Abusa anzace ena anafa, wina anacoka, natsala yekha. Caka cimeneco anaika maliro oposa 4,000, ndipo mwa akufawo munali mkazi wace. Munthu ameneyu ndiye analemba, m'zaka zomwezo za nkhondo, nyimbo ya ciyamiko imene yamasuliridwa m'zinenero zambiri ndipo iyimbidwa kufikira lero. Palibe angamnene kuti sanadziwe cisoni, kapena kuti analikudzinyenga.

Nanga nyimbo zija zinena poyera kuti, Ndakondwa, mtima wanga uli pa mtendere? Apa ndibvomereza kuti pali masiku amene munthu woona mtima sangathe kuturutsa mau otere. Asawaturutse. Kukhala cete kwace si ucimo, ndipo mkulu wa mpingo asamyang'ane ndi diso lakuthwa. Koma asacoke, asakhale kunyumba. Pakuti nyimbo ya mpingo si ya munthu mmodzi. Tiyang'ane mwambo wathu wa pamaliro, umene ndiuyesa cimodzi ca zinthu zanzeru koposa zimene tiri nazo. Namfedwa sayimba. Akhala pamphasa, mutu uli wofunda, mau atha ndi kulira. Amene ayimba usiku wonse ndi amai a cigwirizano ndi anansi ocokera midzi ina, ena a iwo osamdziwa bwino womwalirayo. Ayimba mau amene namfedwa awakhulupirira koma sangathe kuwanena usiku umenewo. Amsungira mauwo kufikira adzathe kuwatenganso. Ndipo mwezi wamawa, maliro akagwa kwa mmodzi wa oyimbawo, iye amene anali cete ndiye adzayambitsa nyimbo. Akulu anati maliro nkulirana. Tinganenenso kuti nkuyimbirana. Ngati ticita cotero pa imfa, tilekerenji pa ngongole, pa njala, pa banja logwedezeka? Maimbidwe athu omwe atithandiza: mmodzi ayambitsa, onse abvomera. Woyambitsa akatsamwa, obvomera apitiriza, ndipo nyimbo siigwa.

Cotero munthu wa mtima wolema alowe, akhale pakati pa abale ace. Ayimbe mizere imene angathe kuyimba moona, imene inena za Mulungu. Pa mizere imene sangathe, amvetsere ena alikumuyimbira. Pakutero sananame ngakhale pang'ono.

Patsala cinthu cimodzi cimene sindingacilumphe, cifukwa cikhudza moyo ndi imfa. Pali nkhawa ya masiku onse, imene ifika ndi kupita monga mitambo; palinso nthenda ya maganizo, imene igwira munthu monga malungo agwira thupi, ndipo siicoka ndi nyimbo. William Cowper wa ku England, wobadwa 1731, analemba nyimbo zambiri za cikhulupiriro pamodzi ndi bwenzi lace mbusa John Newton. Buku lao la nyimbo za ku Olney linasindikizidwa m'caka ca 1779, ndipo zina za nyimbo zace zatonthoza anthu osawerengeka. Koma mwini wace anadwala nthenda imeneyi nthawi zambiri. Anayesapo kudzipha. M'caka ca 1773 inamgwiranso kolimba, nayamba kukhulupirira kuti Mulungu wamtaya, ndipo kuyambira pamenepo sanapitenso kukapembedza ndi mpingo kufikira imfa yace m'caka ca 1800. Kodi tinene kuti analibe cikhulupiriro? Ine sindilimba mtima kutero. Anali wodwala. Cimene Newton anacita ndico ciyenera kutiphunzitsa: sanamdzudzule, sanamuuze kuti ayimbe kolimba, koma anamlandira m'nyumba mwace namsunga koposa caka cathunthu.

Mulungu mwini anacita cimodzimodzi ndi Eliya. Mneneriyo atathawa Yezebeli, nagona pansi pa mtengo m'cipululu, napempha kufa, mthenga wa Mulungu sanadze ndi zeze kapena ulaliki. Anadza ndi mkate ndi madzi, namlola agonenso, namdyetsanso kaciwiri. Mau anadza pambuyo, patapita masiku 40. Ife kawirikawiri titembenuza dongosolo limeneli. Tifika pa nyumba ya wosautsidwa ndi buku la nyimbo, tiyimba ziwiri, tipemphera, ticoka. M'nyumbamo mulibe ufa. Yakobo anatsutsa cikhulupiriro cotere m'kalata yace, ndipo mneneri Amosi ananena mau oopsa koposa, akuti Mulungu akana kumvera phokoso la nyimbo za anthu amene asiya cilungamo. Kwaya imene iri ndi ndalama za yunifomu yatsopano caka ndi caka, pamene mmodzi wa oyimba ace agona ndi njala, iwerenge mutu 5 wa Amosi isanayambe kuphunzira nyimbo ina.

Tsono akulu a mpingo, amai a cigwirizano ndi atsogoleri a makwaya, inu ndinu muona msanga, cifukwa mudziwa mau a munthu aliyense ndi malo amene akhala. Wina amene amayimba kolimba akatonthola masabata atatu kapena anai, musamlembe m'buku la ofooka. Mukamcezere, ndipo mupite awiri, pa nthawi yopanda anthu ambiri. Mufunse, ndipo mutafunsa mukhale cete nthawi yaitali, pakuti munthu wolema sayankha msanga. Ngati bvuto ndi ngongole, mukhale naye pansi muwerenge pamodzi, ndipo wina amperekeze kwa mwini ndalama kukapempha nthawi. Ngati ndi njala, mpingo uli ndi madikoni cifukwa ca nchito yomweyo. Koma mukaona kuti sagona masabata ambiri, sakudya, waleka kusamba ndi kupita kumunda, kapena ayamba kunena kuti kukanakhala bwino atafa, musayese kuti ndi mau cabe, ndiponso musathamangire kunena kuti walodzedwa kapena ali ndi ciwanda. Musamsiye yekha usiku umenewo. Mucotse m'nyumba mankhwala opopera thonje ndi a mbewa, pamodzi ndi zingwe, mukazisunge kwa mnansi. Kutaca mumperekeze ku cipatala ca pafupi, mukauze anamwino kapena adokotala zonse monga mwaziona, osabisa kanthu cifukwa ca manyazi. Iwo adziwa ngati ayenera kumthandiza pomwepo, kapena kumtumiza ku cipatala cacikuru monga ca St Francis ku Katete, ca ku Chipata, kapena ca Chainama ku Lusaka. Ndipo masabata amene iye kulibe, wina wa inu alimire munda wace ndi kuyang'anira ana.